Musazimitse, Sindinaseve

Shopu ya a Fotokope ili pakati pa wometa tsitsi ndi kagolosale, mu msewu wotsikira kudepoti ya mabasi. Ndi kachipinda kamodzi ka zenera limodzi. Mukalowa, kudzanja lamanja kuli makina a fotokope, otuwa, aakulu ngati firiji yogoneka chagada. Kumanzere kuli tebulo, pulinta, mpando wa khushoni yophwa, ndi laputopu yakuda imene mabatani ake ena zilembo zinafufutika kalekale.

Kwa zaka zambiri mbali ya kumanja inali yawo, ya kumanzere inali ya akazi awo. Anakumana akadali achinyamata pa ofesi ina, iwo ali mesenjala, mayiwo akutayipa pa makina akale aja olira belu kumapeto kwa mzere. Ofesiyo itatsekedwa anagula makina a fotokope akale, kenako laputopu, n'kuchita lendi kachipindako. Ana awo anakulira mmenemo, akulemba homuweki pansi pa tebulo. Mayiwo ankatayipa ndi zala zonse, osayang'ana pansi, uku akufunsa kasitomala za mwana wake wodwala, uku akukalipira amuna awo kuti pepala lalowa mopendekeka. A Fotokope sankakhala pa mpando wa khushoni uja. Ntchito yawo inali yoimirira: kutsegula chivundikiro, kuyala pepala pagalasi, kudina, kulandira mapepala ofunda, kuwagogoda pa tebulo kuti alingane, kumenya sitepula. Sanali munthu wa nkhani. Wolankhula m'shopumo anali mayiwo, ndipo ankakwanira anthu awiri.

M'mawa wina, nyengo ya mayeso, mayiwo ankatayipa mafunso a sukulu ya kumtunda kwa msewu, imene inkabweretsa ntchito yake kwa iwo teremu iliyonse. Zala zinaima. Anagwira pamphumi.

"Bambo, mutu ukundiwawa mwachilendo. Ndikagone pang'ono."

"Pitani," anatero a Fotokope, maso ali pagalasi.

Atafika pakhomo mayiwo anatembenuka.

"Musazimitse. Sindinaseve."

Masana mwana wawo wamkazi anawapeza mayiwo kunyumba atagwa pafupi ndi bedi. A Fotokope pothamangira kuchipatala anangotseka chivundikiro cha laputopu ili pa magetsi, n'kukhoma chitseko. Kuchipatalako mayiwo sanalankhulenso.

Maliro atatha, abale atabalalika, a Fotokope anatsegula shopu. Anasesa, napukuta galasi la makina awo, naimirira kanthawi pafupi ndi tebulo la kumanzere. Atakweza chivundikiro, sikirini inayaka. Tsamba lija linali pompo. Funso lomaliza linali lothera panjira: "Tchulani zinthu zitatu zimene mbewu imafuna kuti". Patsogolo pa liwu lomalizalo kamzere kakuda kankaphethira, kudikira.

Sanazimitse.

Makasitomala anayamba kubwerera, ena ndi mapepala a fotokope, ena ndi ntchito yotayipa. A Fotokope anakhala pa mpando wa khushoni, m'mphepete mwake, n'kuyamba kujompha mabatani ndi zala ziwiri. Kutsegula tsamba latsopano ankadziwa, poti anali ataonera kwa zaka. Kutseka ndiko ankaopa. Pakona ya tsamba lililonse panali kamtanda, ndipo ankakumbukira kuti madzulo mayiwo ankadina kamtanda kotero zonse n'kuzimiririka. Sankadziwa kuti kamtanda kati katseka tsamba limodzi, kati katseka onse. Choncho ntchito ikatha ankangoipulinta n'kuisiya yotsegula, n'kutsegula ina pamwamba pake. Makalata ofunsira ntchito, zidziwitso za nyumba za lendi, mapulogalamu a ukwati, zithunzi za m'mafulashi a makasitomala, zonse zinaunjikana pamwamba pa tsamba la mayiwo.

Madzulo ankaitseka chivundikiro, n'kuilowetsa m'chikwama cha nsalu chimene mayiwo ankainyamuliramo, n'kukaiika pa magetsi kunyumba. Magetsi akathima masana, ankaizula msangamsanga n'kulowa nayo kwa wometa, amene anali ndi jenereta.

"Mwabwera naye wodwala wanu, aneba?" ankatero wometayo, makina ali m'mutu mwa munthu. "Mugonekeni apo. Diripi ili kuseri kwa galasi."

A Fotokope ankailumikiza, n'kukhala pa benchi pakati pa anthu odikira kumeta, manja ali pa mawondo, mpaka magetsi atabwera.

Tsiku lina mayi wina wa ku ofesi, ataona kuti a Fotokope afufuta mzere wake molakwitsa, anawasonyeza kamuvi kokhota pamwamba pa tsamba. Mukakadina, chimene mwachita kumene chimabwerera mmene chinalili. Pambali pake pali kamuvi kanzake kopititsa kutsogolo. Masana a tsikulo, msewu uli zii, a Fotokope anafukula tsamba la mayiwo pansi pa masamba enawo n'kudina kamuvi koyamba. Liwu loti "kuti" linasowa. Anadina kanzake kaja, linabwerera. Anadinanso koyamba, kangapo. Mawu ankachoka chobwerera m'mbuyo, ndipo pena pankatulukira zimene mayiwo anali atafufuta kale: "mbweu" m'malo mwa "mbewu", nambala ya funso yolembedwa kawiri, mzere wathunthu umene anauyamba n'kuusiya. Anapitirira mpaka kamuviko kanakana. Kenako anayenda chopita kutsogolo, akuonerera tsamba likudzilemba, likulakwitsa, likudzikonza, mpaka pa "kuti".

Chinakhala chizolowezi chawo. Ena masana amapita kukadya, ena amasinza pa kauntala. Iwo ankapita m'mbuyo n'kubwerera. Sankalira, ndipo sankaganiza zambiri. Akamaliza ankapukuta galasi la fotokope.

Miyezi inapita, laputopu inayamba kulemera. Ukadina chilembo, chinkatuluka utaiwala kale kuti unadina. Pakati pa sikirini pankabwera kabwalo kozungulira, n'kumazungulira, n'kumazungulira. Kafani ka mkati kankalira tsiku lonse ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo pansi pake pankatentha moti tebulo linkafunda. A Fotokope kudikirako sikunkawavuta. Ankangoyang'ana kabwaloko, mutu uli mbee. Ovutika anali makasitomala.

"Madala, ndikamete kaye, ndikupezani."

Ena ankameta n'kubwerera. Ena ankameta n'kutsikira kudepoti, kumene anyamata ena anali atatsegula shopu ya makompyuta atsopano.

"Musaikonze imeneyo, aneba," ankatero wometa uja. "Ikundidyetsa."

Teremu ina itayandikira kumapeto, a hedi a sukulu ya kumtunda analowa ndi envulopu yodzaza mafunso olembedwa pamanja. Anali mayi wamtali, wa magalasi, wolankhula mosazungulira. Mayeso a nthawi ya maliro aja anakawatayipitsa kwina, ndipo palibe amene anawadandaula. Tsopano anabwerera.

"Bambo, ndinene zoona. Komiti ikufuna kuti ntchitoyi izipita kudepoti. Ine ndakana chifukwa cha malemu, anatigwirira ntchito bwino zaka zonsezi. Koma mayeso akuyamba sabata ya mawa. Ndikabwera Lachisanu n'kupeza kuti sizinathe, sindidzakhalanso ndi pakamwa powayankha."

"Zitha," anatero a Fotokope.

Onse awiri ankadziwa kuti ntchito ya sukuluyo ndiyo inkaimika shopuyo. Fotokope za apa ndi apo sizikanatha kuisunga yotsegula.

Tsiku limenelo anatayipa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anamaliza tsamba limodzi ndi theka. Potumiza ku pulinta, kabwalo kanabwera ndipo sikanachokenso mpaka nthawi yotseka. M'mawa mwake sanatsegule shopu. Ananyamula chikwama cha nsalu n'kulunjika kumsika.

Kuseri kwa msika, mu kakontena kodulidwa zenera, munkagwira ntchito mlongo wake wa malemuwo, wamng'ono, amene aliyense ankamutchula a Mawaya. Ankakonza mafoni, mawailesi, makompyuta, chilichonse chokhala ndi chingwe. Benchi lawo linali lodzaza mafoni osendedwa, timasikuluu m'zivundikiro za mabotolo, ndi fungo la mtovu wosungunuka. Kale alamu awiriwa ankanyozana mpaka mayiwo kuwathamangitsa m'shopu. Chichitikire maliro ankangopatsana moni.

"Alamu! Mwasochera? Kapena mwandibweretsera mtembo wina ndiu..." A Mawaya anadula mawu pakamwa, nachotsa wailesi pa mpando. "Khalani apa. Chavuta n'chiyani?"

"Ikuchedwa."

A Mawaya anaitsegula, nayendetsa chala, nadikira. Anayendetsanso. Kenako anaimba mluzu.

"Alamu, iyi si kompyuta, ndi minibasi ya m'mawa. Ena akhalirana pamiyendo, ena alendewera pakhomo. Mwatsegula zinthu zingati apa? Onani, ukwati uwu anthu ake mwina anasiyana kale, inu mukadali nawo!"

A Fotokope sanaseke.

"Mverani. Muli kanthu muno kotchedwa memori. Kali ngati tebulo lanu lija. Ntchito imene mukugwira imakhala pamenepo. Tsono tebulo la iyi ndi laling'ono kale, ndiye inu ntchito iliyonse mukamaliza mukuisiya pompo. Chigongono muchiika pati?"

Anayamba kutseka masambawo limodzilimodzi. Lililonse linkatenga nthawi yake, lina n'kumafunsa mafunso. A Fotokope anasendeza mpando, maso ali pa chala cha mlamu wawo. Muluwo utachepa, a Mawaya anayesa kutayipa. Zilembo zinkabwerabe mochita kukokedwa.

"Si masamba okha. Mafulashi a anthu akuthirirani mavairasi, akudya memori yomweyo. Kafani katsekeka ndi fumbi. Ndipo taonani apa." Anaitembenuza. Pansi pake panali potukuka. "Batire latupa. Ili likhoza kukuthimirani tsiku lililonse, kapena kuchita zoposa apo. Ndili ndi memori ina ndinachotsa mu inzake yakufa, malo oikapo alipo. Tiizimitse, tiitsegule, pofika masana ikhala ikuthamanga. Munaizimitsa liti komaliza?"

"Sindinaizimitsepo."

"Chiyambire liti?"

A Fotokope anayang'ana timasikuluu ta pa benchi. A Mawaya anatseka tsamba lina, ndi lina, ndipo pansi penipeni panatsala limodzi. Analiwerenga mpaka pamene linathera. Anachotsa dzanja pa laputopu.

"Anati ndisazimitse," anatero a Fotokope. "Sanaseve."

"Tiseva, alamu. Ndi batani limodzi. Palibe liwu litayike."

"Nanga aka?"

Anatambasula dzanja n'kudina kamuvi kokhota. Anadikira kabwalo. "Kuti" anasowa. Anadinanso, nadinanso. A Mawaya anawerama, nkhope pafupi ndi sikirini. Pamene "mbweu" anatulukira, anaseka kamodzi, mwa m'mphuno.

"Achemwali? Kulakwitsa sipelo? Munthu ankandikwapula ndi rula pa zala ndikalemba dzina langa mokhota!"

"Pali penanso kutsogoloku."

Anaonerera mpaka kamuvi kanakana. Kunja munthu ankaitanira malonda a matumba. A Mawaya anadzikanda m'mutu ndi sikuludiraiva.

"Sindikunamizani. Mawu atsala, koma aka kapita. Zimenezi zimakhala mu memori, ndipo memori imagwira zinthu pokhapokha moto ulipo. Moto ukachoka, imaiwala."

"Palibe njira?"

"Ndingajambule ndi foni, inu mukudina."

"Jambulani."

A Mawaya anagwira foni ndi manja awiri. A Fotokope anayenda chopita kutsogolo, pang'onopang'ono monga laputopuyo inkalolera, mpaka pa "kuti". Foni inatsitsidwa. Kanemayo ali m'foni ya a Mawaya mpaka lero. A Fotokope sanamupemphepo.

"Mukafuna, itengeni mmene ililimu," anatero a Mawaya. "Sindikukakamizani. Koma mayeso a sukuluwo satuluka pa iyi."

"Ndikudziwa."

"Ndikagule zakumwa."

Anatuluka, ndipo anachedwa kuposa mmene golosale inalili kutalika. A Fotokope anatsala okha m'kontenamo. Sanadinenso kamuvi. Anangoyang'ana kamzere kakuphethira. Ankayembekezera kuti mumtima mubwera kanthu, koma munalibe. Anamva njala pang'ono, ndi kuwawa kwa msana chifukwa cha mpando wopanda chotsamira.

A Mawaya atabwera ndi mabotolo awiri, a Fotokope anafunsa, "Poseva ndi pati?"

Anawasonyeza. Laputopu inafunsa dzina loti ipatse tsambalo. A Fotokope analemba ndi zala ziwiri, "mayeso a amayi".

"Pozimitsa?"

"Pansi apo, pakona. Ndidine?"

"Ndidina."

Sikirini inasanduka yabuluu, kenako yakuda. Kafani kanalira pang'ono n'kuleka. A Fotokope anali atazolowera phokosolo usana ndi usiku moti litasiya anacheuka, ngati wina watuluka m'chipinda.

Zotsalazo zinali ntchito ya manja. A Mawaya anamasula timasikuluu, nachotsa batire lotupa n'kuliponya mu chitini cha mchenga pakona. Mu kafani anatulutsamo fumbi lolukana ngati chigamba cha bulangete, nakaliuzira panja. Anatenga kachidutswa kobiriwira, kotalika ngati chala, nakalowetsa mopendekeka pambali pa kanzake, nakakanikiza mpaka kanalira kuti thwa. Atayatsa, anachotsa mavairasi, nachotsanso mapulogalamu amene ankadzuka okha laputopu ikamayaka, ena a masewera amene adzukulu anaikamo kale. Ankagwira uku akulankhula, mawu atabwerera m'malo mwake.

"Batire ndikusakirani. Pakali pano iziyendera magetsi okha, ndiye akathima nayonso yathima. Muziseva, alamu, tsamba lililonse. Ntchito ikatha, kamtanda. Madzulo, kuzimitsa. Ngakhale bulu amamumasula pa ngolo."

Anatsegula "mayeso a amayi". Tsamba linabwera nthawi yomweyo, lonse, mpaka pa "kuti". Timivi tiwiri tija tinali totuwa. A Fotokope anadina koyamba, kamodzi. Palibe chinachitika. Anadina kamtanda.

"Ndikupatseni zingati?"

"Mundinyoze? Mudzandijambulire chiphaso changa mwaulere, koma chioneke bwino, osati ngati chigawenga monga munachitira chaka chatha."

"Nkhope ndi yanu," anatero a Fotokope, akulowetsa laputopu m'chikwama.

Masana omwewo anatsegula shopu n'kuyala mapepala a a hedi pa tebulo. Anadina chilembo, chinatuluka chala chisanachoke pa batani. Kabwalo sikanabwerenso. Tsopano chodikira chinali laputopu, ndipo wochedwa anali iwo, akusakasaka zilembo pa mabatani ofufutika. Panalibenso mpata wokhala chete n'kumayang'ana. Anatayipa, naseva, natayipa. Pa pepala la sayansi la kalasi lachinayi mphunzitsi anali atabwereza funso lija la mbewu, monga aphunzitsi amachitira. A Fotokope analitayipa mpaka kumapeto, "kuti imere", naika kadontho, napita pa funso lotsatira.

Magetsi anathima kamodzi, Lachinayi. Sikirini inada pomwepo. Anakhala pa mpando wawo osasuntha. Wometa anasuzumira pakhomo.

"Lero simubwera naye wodwala?"

"Anachira."

"Ndiye mwandipha, aneba. Makasitomala anga onse ankachokera kwa inu."

Lachisanu a hedi anapeza mapepala ali m'milu, kalasi ndi kalasi, omenyedwa sitepula pakona. Anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga ataimirira, cholembera chofiira chili m'manja. Pa pepala la masamu anazunguliza malo awiri.

"Apa mwalemba funso lachisanu kawiri. Apa mwasiya chilembo." Anapumira m'mwamba, koma mosakwiya. "Zatha, ndiye chachikulu. Teremu ya mawa ndibweranso. Kungoti malemu aja sankalakwitsa."

"Ankalakwitsa," anatero a Fotokope.

Analandira pepalalo, nakonza malo awiriwo, napulinta lina. A hedi anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

Masana msewu unakhala zii monga mwa masiku onse. A Fotokope anapukuta galasi la fotokope, ngakhale linali loyera. Anasanja mapepala m'kabati. Anaima pakhomo kuonerera mabasi akutsikira kudepoti. Nthawi yotseka itakwana anaseva, nadina kamtanda, nazimitsa, nadikira kafani kuleka. Laputopu anaisiya pa tebulo. Chikwama cha nsalu anachipinda kanayi n'kuchiika m'thumba la jekete, nakhoma chitseko.